Dimba la ku Bangula

Felesiya tinamuika nyengo ya masawu,
bere lamanzere litatsala kale ku Gulupu.

Namwino anandigwira pamkono:
“Ndiwe mng'ono wake? M'mbale mwako muzichuluka zakudimba.
Si mankhwala ayi, ndi mpanda chabe,
ndipo mbuzi zina zimalumpha mpanda.
Uzidzipapasa mwezi ndi mwezi.”

Madzi a Shire atabwerera
ndinadzala khobwe ndi matimati pamakande,
bonongwe anadzimerera yekha.
Sangowa wakuseri kwa bafa,
uja tinkangoyanikapo zitenje,
lero ndimamupulula mwaulemu.

Dorika, mwana wamasiyeyo, amakwinya nkhope:
“Dzulo masamba, leronso masamba?”
Ndimamufinyira bwemba m'phala la mapira.
Ndikaona deresi yasukulu
yayamba kum'thina pachifuwa,
ndimangokhala chete,
n'kumuwonjezera chipande china.