Kuwerenga Madzi ku Lunyangwa

Ndafika kudakali chisisira,
gumbutsi zanga zikulira mu udzu wa mame,
kope m'khwapa,
fulasiki m'thumba la juzi
imene Tiyezge ananditumizira kuchokera ku Joni,
ya manja aatali ngati anayiwala msinkhu wa bambo ake.

Ntchito yanga ndi yochepa.
Ndimaona pamene madzi alekeza pa chipilala cha manambala,
ndilembe, ndisaine, ndizipita.
Mphindi zitatu zimakwana.
Koma lero ndakhala pa mwala,
ndipo palibe amene andifunse.

Damu lafunda nkhungu mpaka kumutu.
Tsidya lija kulibe.
Mapaini aima m'mwamba opanda miyendo,
ndipo penapake mkati mwa kuyerako
mbalame ina yatsokomola kamodzi, n'kuleka.

Achule amene ankasokosa kuno mu Januwale,
wina aliyense ndi mlandu wake,
atseka bwalo.
Watsala mmodzi m'bangomo
akuyesa mawu, palibe womuyankha.

Anamzeze ankadzaza waya wa magetsi uja.
Sabata yatha ndinawerenga makumi atatu.
Lero asanu ndi awiri,
atatupitsa nthenga ngati anthu a pa depoti
odikira basi yoti idzaze.

Kenaka kum'mawa, cha ku Kaning'ina,
phiri layamba kuoneka msana.
Kufiira kwake si kwa moto ayi,
ndi kwa mkati mwa gwafa wakupsa
ukamubenthula ndi chala.
Nkhungu yayamba kunyamuka pamadzi
pang'onopang'ono, mosafuna,
monga ndimachitira ine ndi bulangete mwezi wa Juni.

Ndatsegula fulasiki.
Tiyi wa NyaMsowoya, shuga wochepa,
akuti dokotala ananena.
Nthunzi yake yakwera kukakumana ndi inzake ya padamu,
ndipo kwa kanthawi sindikudziwa
kuti yanga ndi iti.

Dzuwa latuluka.
Silinachite phokoso.
Langoponda pamadzi ndi phazi limodzi,
njira yachikasu n'kuyalika
kuchokera tsidya mpaka pa gumbutsi zanga.
Kakowa wadutsa pamwamba pake,
wina wadutsa pansi, chadodolido,
onse awiri n'kutera pa chitsa chimodzi.

Kumbuyo kwanga tauni ikudzuka.
Ndikumva belu la kabaza kutali,
lole ikubuula pa chitunda ndi matabwa a ku Chikangawa,
mayi wina akuitana mwana dzina lonse lathunthu,
ndiye kuti walakwa.
Zonsezo zikufika kuno zitatopa,
zikugwera m'madzi osasiya ndi mzere womwe.

Mphepo yasintha, ndaimva m'makutu.
Si ija yonunkha mvula ndi dothi lofiira.
Iyi ndi yowonda, ili ndi mano aang'ono,
ikuchokera kumwera ndi uthenga
woti tiyambe kufuna makala.
Deliya wachita chikasu m'mbali mwa njira,
tsekera waweramitsa ngala,
chisoso chandimata buluku mpaka m'maondo
kuti ndikachifesere kwina.
Kumunda kwathu ku Doroba
chimanga chagwetsa makutu, chikudikira chikwanje.

Mvula ya kuno sitsanzika bwino.
Ibweranso mawa kapena mkuja,
yowaza, yopanda bingu,
ngati mlendo wobwerera chipewa chimene waiwala.
Koma madzi akudziwa kale.

Ndatsikira pa chipilala.
Dzulo analekeza pa mzere uwu.
Lero atsika chala chimodzi,
asiya mkanda wonyowa pa simenti
umene dzuwa liufufute isanakwane eyiti.

Ndalemba nambala.
Pali danga lina kumapeto, la ndemanga,
limene zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulembamo kuti
"palibe."
Ndagwira bolopeni nthawi yaitali.
Kakowa wasintha mwendo.
Tiyi wazizira.

Ndalemba kuti "palibe,"
ndatseka kope,
ndakhalanso pa mwala paja
mpaka manja a juzi atafunda.