Thovu m'Paipi

Anabwera nayo chokankha, anyamata anayi,
pikapu ya Che Ajasi yonyamula nandolo ku Namwera,
mphuno yatsopano, penti akununkhabe.
Woongola mabodi wa kwa M'baluku anaigwira ntchito:
bampa ili njo, nyali zonse ziwiri zikupenya.
Ndani anganene kuti masabata atatu apitawo
inakumana ndi ng'ombe potsika Chowe?

Koma ilizeni mumve.
Imadzuka ngati munthu wa chifuwa chamgonagona,
kugwedeza boneti, kulavula utsi woyera.
Ukaponda moto imayankha mochedwa
ngati mwana woitanidwa ali ku mpira.
Pokwera mlatho dzana inazima kawiri,
akabaza akuidutsa, belu ngirii, akuseka.

"Ndi pampu," anatero mwiniwake,
"wa ku Liwonde wandiuza kale mtengo."
Mtengowo anautchula motsitsa mawu
monga timatchulira dzina la matenda.

Ine sindiyambira pa chodula.
Malemu Che Mdoka, amene anandigwiritsa sipanala,
ankati injini ya dizilo ilibe nkhani zambiri:
imwe bwino, ipume bwino, ipanikize.
Ukafunsa, funsa mmodzimmodzi,
mboni zikayankhira pamodzi zimanama.

Ndinayamba ndi mpweya. Sefa yake ili mbee.
Mapaipi a tebo ndinawasisita ndi chikhato
kufuna pong'ambika, pothimbirira ndi oyilo. Palibe.
Ndinamasula manati a nozo, iyi, kenako iyo,
iliyonse nkugwetsa mawu mofanana ndi inzake:
zinayi zonse zili ndi njala,
palibe imodzi yoti nkuiloza chala.

Dzuwa la pano silidikira kuti umalize kuganiza.
Sipanala yoiwalika panja imaluma.
Ndinapukuta thukuta ndi nkhongono ya dzanja
nkudina kapampu ka pamwamba pa fyuluta:
kofewa ngati papaya wa dzulo.
Ndinapopa mpaka kuuma, injini nkuimba bwinobwino
mphindi imodzi yathunthu,
kenako chifuwa chija.

Apo ndinatuma Twaibu kwa amisiri omanga nyumba
akapemphe kapaipi koonekera ka levulo.
Tinakalumikiza pakati pa fyuluta ndi pampu,
mitu itatu kuweramira pamodzi.
Onani! Thovu, thovu, thovu,
kundondozana m'mafuta ngati linthumbu posamuka.

Ndinalitsata chobwerera kumene likuchokera.
Kuseri, kumene penti safika,
chitsulo chogwira fyuluta chapindika chala chimodzi,
ndipo pakhosi pake mng'alu wonga tsitsi.
Sudontha. Ndicho chake pansi panali pouma.
Umangoyamwa mpweya mwakachetechete
nkuupereka ku injini ngati chakudya.
Bala losatuluka magazi
woongola mabodi alione bwanji?

Mutu wina wa fyuluta tinaupeza pa zophwasula za kwa Kalonga,
mtengo wosafika ngakhale tayala lakale.
Azana ya masana itamveka ndinali nditamanga,
ndachotsa mpweya, paipi yayera ngati uchi.
Kiyi kamodzi. Injini inayala mawu ake pansi,
osalala, ndalama yachitsulo nkukhazikika pa boneti.

Ndinatambasula dzanja kupereka kiyi.
Che Ajasi sanalandire.
Anayang'ana zala zawo ngati za munthu wina.
"Kamnyamata koweta kaja," anatero,
"kanali apa, ng'ombe apa,"
nkuyeza ndi manja mpata wosakwana mkono.
"Sikanakhudzidwe. Kanathawa osatembenuka.
Koma usiku uliwonse ndimaponda buleki pa mphasa
mpaka mayi a kunyumba kundigwedeza."

Paipi yoonekera ya zimenezo ndilibe.
Ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa ndi mchenga,
nkuwatsegulira chitseko cha dalaivala,
ine kuzungulira, kukhala mbali inayo.
Tinatuluka pa geti ndi giya yachiwiri,
kudutsa msika, kudutsa ogulitsa chinangwa.
Pa mlatho akabaza anatidutsanso.
Tinawasiya apite.