Lachitatu ku Rosettenville

Magetsi athima sikisi koloko.
Mayi Nasibeko aunika tsamba la lero ndi foni.
Tilipo asanu ndi atatu m'chipinda cha lendi,
mipando itatu, ena pa zidebe,
a Kachingwe atavaliratu yunifolomu ya ulonda.

Ulemu wanga, wobadwira konkuno,
awerenga Chichewa mopunthwa:
"mpesa" akuti "mpeza."
Palibe waseka.

Tapempherera Esinati,
mapepala ake atha,
abwana ku Sandton sanamulipire.
Mbale yazungulira, timarandi talira.

Ameni wathu ngwapansipansi,
alandilodi sakonda phokoso.

Pogona mwana andifunsa:
"Ababa, nthambi ikapita kutali chonchi,
imakhalabe ya mtengo uja?"

Ndamufunditsa bulangete.
Funsolo ndikalitula Lachitatu likudzali.