Wopereka Chikho

Lemba, Detre, dzanja langa lakana.
Lemba kuti ndine Ambrus Somkúti,
mwana wachitatu wa bambo amene anali ndi mudzi umodzi,
mphero yoyendera madzi yong'aluka pakati,
ndi mlandu wa malire umene anatisiyira ngati chuma.

Ndinapita ku Visegrád ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri,
pa kavalo wobwereka, nsapato za mkulu wanga
nditazifutsira udzu kuti zindikwane.
Ntchito yanga yoyamba inali kugwira kandulo.
Phula linkandidonthera pa chala
ndipo ndinaphunzira kupsa osaphethira.
Kunyumba ya mfumu sukulu yake ndi imeneyo.

Kenako anandipatsa chikho.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndinkalawa vinyo mfumu isanamwe,
maso onse a m'chipindamo ali pakhosi panga
kudikira ngati ndigwe.
Anthu ankati: wodala uyo, amamwa za mfumu.
Sankadziwa kuti dontho lililonse ndinkalimeza
ngati munthu wowoloka Danube ataundana,
khutu lili pa ming'alu.

Orsolya anabereka ana anayi ine kulibe.
Awiri anaikidwa m'manda ine kulibe.
Kalata inandipeza ku Buda tsiku la phwando.
Ndinaipinda, ndinaibisa m'malaya, ndinathira vinyo,
sindinataye ngakhale dontho.
Usalembe kuti ndimanyadira.
Ungolemba kuti sindinataye.

Atandikweza anandituma ku mchere.
Ndinkawerenga miyala yoyera ikutsika ndi mtsinje wa Maros,
ngalawa pambuyo pa ngalawa, mpaka maso kuwawa.
Pa miyala zana, umodzi unkasochera n'kufika kwathu.
Onse ankatero.
Wansembe anandiuza kuti pa tsiku la chiweruzo
palibe munthu adzaitanidwe ndi dzina loti Onse.
Denga la tchalitchi cha m'mudzi muno ndi la mchere umenewo,
n'chifukwa chake popemphera sindiyang'ana kumwamba.

Dzina langa linkalembedwa m'munsi mwa makalata a mfumu,
lachisanu ndi chiwiri, pambuyo pa mabishopu
ndi mkulu wa akavalo. Ndinkalilondola ndi chala.
Chaka china linakwera, linafika pachisanu.
Usiku umenewo tulo tinandithawa ngati mwana.

Mfumu inamwalira nthawi yokolola mphesa,
osati ndi chiphe ayi, ndi chifuwa wamba.
Zaka zonsezo ndinkalonda khomo limodzi,
imfa n'kulowera pa zenera.
Akuluakulu anagawikana: ena ankafuna kamwana ka mfumu,
ena mlamu wake wochokera kunja.
Ine ndinaima ndi kamwanako,
poti ndine ndinakaphunzitsa kugwira chikho ndi manja awiri.
Ndinasankha molakwa,
kapena molondola pa nthawi yolakwika, sindidziwa.
Anandilanda midzi isanu ndi umodzi, unyolo wa m'khosi,
ndi mpando wa pafupi ndi moto.
Amene ankandivulira chipewa
anayamba kuchita chidwi ndi nsapato zawo ndikamadutsa.

Ndabwerera ku mphero. Ikadali yong'aluka.
Mlandu wa malire uja sunakalambe:
mdzukulu wa mdani wa bambo anga
wasuntha mwala usiku wa Lachinayi,
ndipo ndinakondwa, Detre, ndinakondwa
kupeza mdani womudziwa nkhope.

Orsolya sakumvanso bwino masiku ano.
Madzulo amandithirira vinyo wa m'munda mwathu,
wowawasa ngati kulapa.
Ndimalawa pang'ono, ndimadikira,
ndimawerenga chamumtima mpaka makumi atatu,
kenako ndimatembenuka kuti ndipereke chikho.
Kudzanja langa lamanja kuli khoma, ndi galu.

Chipale chayamba kugwa. Tseka inkiyo.
Mawa tidzalembe za mwala uja.