Mtengo Wake

Lisiti ndikadali nayo m'chitini cha mabatani:
madola makumi asanu ndi anayi, kupatulapo imodzi.
Orvel anabwera ataibereka ngati mwana,
nsanja yachitsulo ya magawo awiri,
lapamwamba lokhalapo, lapansi lopondapo,
lililonse ndi mano ake oluma khungwa.
Anandionetsa pa paini wa kuseri kwa galaja:
kukweza mikono, kukoka mapazi,
kukweza, kukoka,
bambo wa imvi kusanduka mbozi.

"Ya aluminiyamu akuti madola mazana anayi!"
anakuwa ali m'mwamba.
"Kodi mbawala imafunsa mtengo?"
Ine ndinati, mtengo uti,
wa m'sitolo kapena womwe wakwerawo?

Novembala kasanu ndi kamodzi inagwira ntchito,
sindinama.
Mbawala zisanu ndi zinayi zinalowa mufiriji,
ndipo ine, wosunga kabuku ka ndalama m'nyumba muno,
ndinagawa ndekha usiku wina:
iliyonse sinakwane madola khumi.
Inali yolemera, inde, inkam'siya mapewa ali mikwingwirima,
ndipo kukazizira inkalira ngati chitseko cha tchalitchi,
mpaka anaikulunga nsanza ndi tepi.
Chaka chilichonse ankaipaka penti wobiriwira,
kuisisita, kuitama.

Koma chaka chomwe bondo linam'vuta
anaisiya kuthengo dzinja lonse la sinowo.
Madzi analowa m'mapaipi,
kuundana, kusungunuka, kuundananso.
Dzimbiri ndi nankafumbwe wa chitsulo:
limayambira m'kati, kunja kuli mbee.
Gologolo nayenso anadyako chingwe
cholumikiza gawo lapansi ndi lapamwamba.
Penti sanaulule kanthu.

Loweruka lija, kusanache bwino,
ali mamita asanu ndi limodzi kuchoka pansi,
powotcherera panangoti thyo!
Chopondapo chinatsika chokha, chikugunda nthambi,
mfuti inazika mphuno m'sinowo,
iye n'kutsala lende
pa lamba amene Signe, mwana wathu, anam'gulira,
yemwe ankati ndi kutaya madola makumi asanu ndi limodzi.

Mphindi makumi anayi, miyendo ikuchita dzanzi,
akudikira Dewey Hautala ndi makwerero.
Akuti tonde wa mbawala anafika,
nyanga ngati foloko ya udzu,
ananunkhiza chitsulo chija,
n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.
Orvel salumbira kawirikawiri. Pamenepo amalumbira.

Kuchipatala ku Bemidji anajambula nthiti,
ziwiri zinali zong'aluka.
Pepala lawo linabwera patapita milungu itatu:
madola zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Ndinalipinda, n'kuliika m'chitini chomwecho,
pamwamba pa lisiti.
Sindinanene kuti zotchipa zimadula.
Chitini chinanena chokha
tsiku lomwe ankafuna batani la malaya.

Lero tinali m'sitolo.
Mnyamata wogulitsa, Tanner dzina lili pachifuwa,
anagogoda aluminiyamu ndi chala.
"Iyi, agogo, zaka makumi awiri,
bola izigona m'nyumba,
mawaya muzisintha asanathetheke,
mabawuti muziwaona musanakwere."
Orvel anawerenga zala zake,
anafika pa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi,
n'kuseka mpaka nthiti zinam'kumbutsa.
"Ndiye kuti ikukandiika m'manda ndi iyeyu.
Marlys, tikugulira Signe."

Ndinalipira ndine.
Anainyamula ndi dzanja limodzi mpaka pagalimoto,
akudabwa kupepuka kwake,
ndipo njira yonse sanayatse wailesi.
Ankangoyang'ana mitengo ya m'mbali mwa msewu,
yowongoka, yopanda nthambi m'munsi,
milomo ikugwedera ngati akuifunsa kanthu.

Yakale ija ili pakhonde.
Chopondapo ndaikapo miphika ya matimati,
mbali yothyokayo ndachirikiza ndi njerwa.
Pamenepo, pafupi ndi nthaka,
mwina ikhalitsa.