Mlonda wa Mumsana

Zaka khumi ndi zinayi ndinali pageti ku Kabulonga,
ntchito yanga inali liwu limodzi: ayi.
Ayi kwa wogulitsa masache, ayi kwa alaliki a Loweruka,
ayi kwa mnyamata wodzitcha mphwake wa bwana.
Bwana ankagona tulo tofa nato,
osadziwa kuti ndi angati abwerera pachitsulo paja.
Ndinkamudzutsa pokhapokha ikakhala mbala kapena utsi.

Kenako minibasi ya ku Chawama inagubuduzika nafe.
Mabala anapola, mafupa anagwirana,
koma mwendo wamanzere unaphunzira bodza.

Nsalu ikaukhudza, akuti moto.
Kamphepo ka Juni kolowera pansi pa chitseko, akuti lezala.
Dzana Tisauke, mdzukulu wanga wa zaka ziwiri,
anatsamiza kadzanja pabondo langa kuti aimirire,
ndinakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika.
Tsopano amandilambalala
ngati mbaula yoyaka.

Ku UTH dokotala wamng'ono ngati mwana wanga
anatembenuza pepala la mankhwala najambula kumbuyo.
Akuti mumsana muli geti.
Uthenga wa pakhungu umayamba wafika pamenepo usanakwere kumutu,
ndipo pali timitsempha tina, ntchito yake kuletsa basi:
iwe ndiwe nsalu chabe, tsitsa mawu;
iwe ndiwe mphepo, dutsa mwakachetechete.
Tanu, akuti, tina tinafa, tina tinasasa mawu,
ndiye aliyense wofika akuthamangira m'nyumba
kukakuwa kuti denga likupsa.

Ndinaseka misozi ili m'maso.
Ndinati, adokotala, mukundiuza ntchito yanga yomwe.

Pobwerera magetsi anali atathima ku Kamwala,
maloboti ali maso gwa, opanda chofiira.
Galimoto iliyonse inalowetsa mphuno pamphambano,
mahutala, matukwano, wawilibala pakati,
palibe amene anagundidwa
koma msewu wonse unkalira.
Ndinauza mwendo wanga: taona abale ako.

Mapiritsi amene anandipatsa ndi mlonda waganyu.
Amafika mochedwa, amandilemeretsa mutu,
ikamakwana naini usiku ali tcheru,
ikamati fili koloko wayamba kuwodzera.
Pamenepo ndimagona chagada, mwendo kunja kwa bulangete,
ndi kulankhula ndi mnzanga uja wa mumsana.

Ndikudziwa, achimwene, ndikudziwa.
Kuzizira kwa pageti, tiyi wozizira m'botolo,
ndipo palibe amawerenga zimene sizinalowe.
Inenso sindinakuthokozenipo zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi,
sindinkadziwa n'komwe kuti mulipo.

Sindikupempha usiku wonse.
Mawa Tisauke abwera ndi amake kudzatenga ndowa.
Mukangoimirira pang'ono pokha,
kadzanja kaja kakafika pageti,
mukayang'ane bwinobwino,
munene kuti, uyu timamudziwa.