Khutu la Gitala

Masana basi, usiku besi:
ndiwo moyo wanga kuno ku Tampere,
kumene dzuwa la Januwale limangosuzumira
ngati munthu wangongole, n'kubwerera.

Lachiwiri gitala yanga inadwala.
Tinali m'chipinda chapansi pa fakitale yakale ya nsalu,
Jyrki akuswa ng'oma ngati zamutukwana,
Sointu akung'amba kukhosi pa maiki.
Ine kukanda nsambo yaikulu ija,
m'malo mwa bingu
sipika inangolira ngati njuchi
yotsekeredwa m'botolo.

M'mawa mwake ndinaibereka kumsana,
chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato,
mpaka kwa Eljas, wokonza magitala,
amene shopu yake imanunkha mtovu wosungunuka ndi khofi wozizira.
Anamasula tizitsulo tinayi, nasuzumira m'mimba.
"Pikapu yafa," anatero. "Waya waduka m'kati.
Anthu amati iyi ndi pakamwa pa gitala. Bodza.
Ili ndi khutu.
Maginito ndi mkuwa wopyapyala kuposa tsitsi lako,
wokulungidwa kambirimbiri,
ntchito yake kumvetsera basi.
Ndiye ukufuna khutu lomva chiyani?"

Anayala zitatu pansanza yamafuta.

Yoyamba yakuda bii, yolemera m'manja.
"Iyi ndi yaukali. Imaluma.
Magitala awiri azikuwa, iwe udzamvekabe
ngati galu wa kuseri kwa mpanda."
Yachiwiri imadya batire.
Mawu ake oyera mbee, opanda kachitsotso,
koma batire likakuthera pasiteji, pakati pa nyimbo,
udzangoima ngati chipilala, manja akuyenda, kuli zii.
Yachitatu sanainenere kanthu.
Anangoikankha ndi chala.

Ichi chakoma, ichi chakoma,
ine mayuro m'thumba ndi owerengeka,
lendi ikudikira Lachisanu.

Sindinamuuze kuti gitalayi inali ya Tuukka, mlongo wanga,
kuti penti inafufutika pamene pankagona chala chake chachikulu,
kuti khutu lakufali linamumva iyeyo
zaka khumi ndi zinayi, akulakwitsa, akubwereza,
akutukwana, akubwerezanso,
ndipo ine ndimaopa kuti likachoka
gitala idzamuiwala.

Eljas anaziyesa imodziimodzi, utsi uli tolo.
Yaukali inagwedeza mawindo,
kapu ya khofi n'kuyenda yokha pathebulo.
Ndinaseka. Roko ndi imeneyo!
Ya batire inandiulula:
chala chilichonse chotsetsereka, nsambo iliyonse yogunda chitsulo,
zonse poyera ngati malisiti.
Yachitatu inayamba pansipansi,
ngati injini ya basi yanga m'mbandakucha
isanakwere munthu,
mawu omveka m'nthiti asanafike m'makutu.
Nditakanda mwamphamvu inabangula,
nditasisita inang'ung'udza.
Inkayankha monga ndaifunsira.

"Imeneyo ilibe maganizo akeake," anatero Eljas.
"Ukakwiya ikwiya. Ukanama inama."

Ndinafuna yaukali, ndisabise.
Jyrki akanaikonda.
Ndinaigwira kawiri, n'kuibweza kawiri.
Koma mkwiyo ndili nawo kale wokwanira,
sindisowa wogula m'shopu.

Ndinalipira yachitatu.

Yakufayo anati aiponye m'bini. Ndinatambasula dzanja.
Sanafunse. Anaipukuta kaye pamalaya ake.

Usiku womwewo, m'chipinda chapansi chija,
tinaimba mpaka laimu kuyoyoka kudenga.
Sointu anacheuka pakati pa nyimbo, maso ali tong'o.
Sanali mawu a Tuukka.
Ndinadikira kuti zindipweteke,
ndipo zinandipweteka, pang'ono,
ngati dzino likakhudza madzi ozizira,
kenako ng'oma zinalowa, ine n'kuzitsatira.

Lero ndili pa chiwongolero kuyambira faifi koloko.
Pamalo okwerera a ku Hervanta ndinapisa m'thumba la jekete
kufuna makiyi a kabokosi,
n'kuwapeza atakakamira pa pikapu yakale ija,
pamodzi ndi kapini ka m'tsitsi
komwe ndinakataya mwezi watha.
Waya unaduka, inde.
Maginito sanamve uthengawo.
Akukokabe.